Moto ndi Mkaka: Chimene Chimalimbitsa Yogati

Magulu ena a alimi a ng'ombe za mkaka amataya msika chifukwa yogati yawo imalekana ndi madzi isanafike kwa ogula. Kawirikawiri gwero la vutoli ndi katenthetsedwe ka mkaka, motero mlangizi ayenera kudziwa chimene moto umachita m'kati mwa mkakawo.

Mapuloteni a mkaka wa ng'ombe ali m'magulu awiri. Pafupifupi magawo 80 mwa 100 ndi casein, amene amaundana mkaka ukasasa. Magawo 20 otsalawo amakhala m'madzi achikasu aja otchedwa whey, ndipo pafupifupi theka lake ndi beta-lactoglobulin.

Mkaka usanatenthetsedwe, puloteni imeneyi imakhala yopindana ngati kampira. Kutentha kukapitirira madigiri 70, imayamba kutambasuka, ndipo mbali zake zokhala ndi sulufule, zimene zinabisika m'kati, zimatulukira kunja. Zikatero mapuloteniwo amamangana okhaokha, ena n'kumamatira pa casein. Kumangana kumeneku sikubwereranso, monga mmene choyera cha dzira sichisungunukanso chikapsa. Tsono mkakawo ukasasa, mapuloteni onse amalukana ngati ukonde wa maso aang'ono umene umasunga madzi.

N'chifukwa chake mkaka wa yogati umatenthetsedwa pa madigiri 85 kwa mphindi 30, kapena pa madigiri 90 mpaka 95 kwa mphindi 5, kenaka n'kuuziziritsa kufika pa madigiri 43 usanathiridwe mbewu ya yogati. Kutenthetsa kwa madigiri 72 kwa masekondi 15 kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma kumatambasula mapuloteni ochepa chabe. Mfundo yomweyi imathandizanso opanga chambiko ku Malawi kapena amasi ku Zimbabwe ndi South Africa, ngakhale mbewu yawo imasasitsa mkaka pa kutentha kocheperapo.

Koma kwa opanga tchizi nkhani ndi yosiyana. Mapuloteni omamatira pa casein aja amalepheretsa rennet, mankhwala oundanitsa mkaka, kugwira bwino ntchito yake. Mkaka umachedwa kuundana, ndipo choundanacho chimakhala chofewa, chovuta kukhetsa madzi. Apa mkaka usapyole muyeso wophera tizilombo.

Choncho, alangizi, musanalangize za moto yambani mwafunsa chimene gulu likufuna kupanga. Limbikitsaninso gulu lililonse kukhala ndi choyezera kutentha ndi wotchi, pakuti diso lokha silingasiyanitse madigiri 72 ndi madigiri 85.