Mwana wanu wamasewera akangokhalira kutopa: kodi vuto ndi chithokomiro?

Mayi wina anandipeza pambuyo pa Misa atagwira kapepala ka kuchipatala. Mwana wake wamkazi wa zaka 17, wosewera ntchemberembaye komanso wothamanga pa sukulu yake, anali atatha miyezi inayi ali wofooka. Ankadandaula kuzizira ngakhale masana, ankagona m'kalasi, ankalira popanda chifukwa chooneka, ndipo ku bwalo ankapitako mongokakamizika. Atamuyeza magazi ku Lilongwe, pa pepala panalembedwa kuti TSH ndi 5.6, T4 ili bwino. Funso la mayiyo linali limodzi: "Anamwino, bwanji sanampatse mankhwala pamene nambala yakwera?"

Mwina inunso, kholo, mphunzitsi kapena kochi, muli ndi mwana wotere. Tiyeni tiyambe ndi kapepalako.

Kutsogolo kwa khosi lathu kuli kachiwalo kooneka ngati gulugufe. Kakatupa timati munthu ali ndi chithokomiro, ndipo dzina lomweli ndi limene ambiri timatchulira kachiwaloko. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni otchedwa T4 ndi T3, amene amalamulira liwiro limene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima. TSH siichokera m'khosi ayi. Imachokera ku kachiwalo kena ka pansi pa ubongo, ndipo ili ngati kapitawo wokuwira antchito. Chithokomiro chikamagwira ntchito mwaulesi, kapitawoyo amakweza mawu, ndiye TSH imakwera. M'malabotale ambiri mlingo wabwino ndi kuyambira 0.4 mpaka pafupifupi 4.0.

Tsono TSH ya 5 kapena 6 pamene T4 ili bwino ikutanthauza kuti kapitawo wakweza mawu pang'ono koma ntchito ikuyendabe. Nambala yotereyi imasinthasintha. Imakhala yokwera usiku ndi m'mamawa, imatha kukweranso munthu akamachira matenda ena. Kwa anthu ambiri imabwerera yokha mwakale. Ndi chifukwa chake madokotala amati magazi ayezedwenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu asanaganize zopereka mankhwala. Kawirikawiri mankhwala a levothyroxine amayambidwa TSH ikafika 10 kapena kuposa, kapena T4 ikatsika. Kwa mayi woyembekezera nkhani ndi ina, ameneyo sitimudikiritsa chifukwa ubongo wa mwana wam'mimba umadalira mahomoni amenewa.

Chonde musagule mapiritsi amenewa pa famase mwa inu nokha. Akachuluka m'thupi mtima umathamanga, manja amanjenjemera, tulo timasowa, ndipo pakapita nthawi mafupa amafooka. Kwa mwana wothamanga zimenezi ndi zoopsa kuposa kutopa kumene mukufuna kuchiza.

Sindikunena kuti matenda a chithokomiro sagwira achinyamata amphamvu. Gail Devers wa ku America anapezeka ndi matenda a Graves, amene chithokomiro chimagwira ntchito mopitirira muyeso. Atalandira chithandizo anapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 100 ku Olympics ya ku Barcelona mu 1992, n'kubwerezanso ku Atlanta mu 1996. Kunonso kumapiri, ife amene tinakula mchere wa ayodini usanafale tikukumbukira azakhali ndi agogo a makosi otupa. Dothi la kumapiri limakokoloka ndi mvula, ayodini n'kupita nayo, ndipo mbewu zolimidwa pamenepo zimakhala nayo yochepa. Lero mchere wa m'mapaketi uli ndi ayodini mwalamulo. Muusunge m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi dzuwa. Ngati khosi la mwana latupa, kapena kubanja kwanu kuli ena odwala chithokomiro, muuzeni dokotala, chifukwa zimenezo zimasintha mmene angaonere nambala ija.

Koma pa zaka zimene ndagwira ntchito m'mawodi ndi kuphunzitsa anamwino, ana ambiri otopa chonchi vuto lawo ndalipeza pa mbale, m'magazi ndi mumtima.

Taganizani tsiku la mtsikana wa ku sekondale yoyendera kuno ku Dedza. Adzuka kusanache mu June, chisanu chili gwa, atunge madzi, ayende makilomita angapo atangomwa tiyi kapena osalawa kanthu. Masana mwina adya chimanga chokazinga kapena tchipisi ta kachewere. Akaweruka, maola awiri ali pa bwalo. Madzulo nsima ndi masamba. Thupi likaona kuti chakudya chimene chikulowa sichikukwana ntchito imene likugwira, limayamba kusunga mphamvu ngati mayi wosunga ufa m'mwezi wa February. Limatsitsa T3, limaziziritsa manja ndi mapazi, limaimitsa msambo. Mu 2014 bungwe loyendetsa masewera a Olympics linapatsa vutoli dzina loti RED-S, ndipo limagwira anyamata omwe. Apa chithokomiro sichikudwala, chikungomvera njala. Mankhwala ake ndi chakudya chokwanira cha magulu onse asanu ndi limodzi, phala la m'mawa lothira nsinjiro, kanthu kodya akangochoka pa bwalo, ndi tsiku limodzi kapena awiri pa sabata opumira.

Makochi ena amasangalala mtsikana akaonda, amati wapepuka. Ine zimenezi sindigwirizana nazo. Mtsikana amene wasiya kusamba kwa miyezi itatu ayenera kuonedwa kuchipatala. Monga mzamba ndiyamba ndi kuyeza mimba, ndipo makolo musakwiye nazo, ndi mmene timagwirira ntchito. Ngati mimba palibe, kuima kwa msamboko ndi chenjezo loti mafupa ake akufooka pa msinkhu umene amayenera kulimba.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa magazi. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo ndi msambo wochuluka zonse zimadya magazi. Mtsikana amafunika Hb yosachepera 12, mnyamata wamkulu 13. Koma tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene mpweya ndi wopepuka ndipo thupi limafuna magazi ochulukirapo, choncho Hb ya 12 yeniyeni kwa mwana wa kuno ikhoza kukhala yoperewera. Kuyeza Hb, malungo, shuga ndi HIV kumatheka pa chipatala cha boma kapena cha mishoni popanda ulendo wa ku Lilongwe. Mapiritsi owonjezera magazi amafunika kumwa miyezi itatu, osati sabata imodzi, ndipo asamwere tiyi. Usipa, chiwindi, nyemba, bonongwe ndi mazira zithandizire.

Tsopano za mumtima, zimene ambiri timazizemba. N'kosavuta kwa kholo kunena kuti "mwana wanga ali ndi vuto la chithokomiro" kusiyana n'kunena kuti akuvutika maganizo. Pepala lokhala ndi nambala limatipatsa pobisala. Koma mwana amene kwa masabata awiri kapena kuposa wakhala wokhumudwa tsiku lililonse, sakusangalalanso ndi mpira umene ankaukonda, sakugona bwino, akudziona wachabechabe, ameneyo akudwala, kaya TSH ikhale 2 kapena 6. Si ulesi, si kulodzedwa, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mupemphere naye, inde, ndipo mupite nayenso kuchipatala monga mmene mungachitire atathyoka mwendo.

Khalani naye pansi panokha mumufunse. Mwina ndi fizi, mwina mayeso a MSCE, mwina anamuchotsa m'timu yoyamba, mwina pali wamkulu wina amene akumuvutitsa. Mumufunsenso mosapita m'mbali ngati waganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwake, kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pa chipatala cha boma funsani namwino woona za matenda a maganizo. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amaperekanso uphungu ndi chithandizo. Nthawi zambiri uphungu ndiwo umayambirira. Dokotala akapereka mankhwala monga fluoxetine, dziwani kuti amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, ndipo masiku oyambawo mwana amafunika kumuyang'anira pafupi. Zonsezi sizidikira kuti magazi a chithokomiro ayezedwenso.

Mayi uja ndinamuuza kuti asunge kapepalako bwino m'buku la kuchipatala la mwanayo, alembe tsiku lokayezetsanso pakatha miyezi itatu, makamaka ku labotale yomweyo ndiponso nthawi ya m'mawa ngati poyamba. Ndinamupempha kuti Lolemba abwere ndi mtsikanayo tikayeze Hb, ndipo kuti akafika andilole ndicheze naye kaye payekha, mayi ali panja.