Ndalama zofikitsa intaneti kumudzi zimayenda bwanji?

Kampani ya mafoni isanamange nsanja ya netiweki, imayamba yawerengera. Kuno kuli anthu angati? Adzagula mayunitsi ndi mabandulo a ndalama zingati pa mwezi? Magetsi alipo, kapena tizidzanyamula dizilo wa jenereta pa msewu woterera m'dzinja? Masamu akakana, mudziwo umalambalalidwa, anthu n'kumakwera pachulu kuti uthenga wa WhatsApp upite. Chonsecho kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi.

Apa ndi pamene boma limalowererapo. Lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba lotchedwa Universal Service Fund, lomwe lili m'manja mwa MACRA. M'thumbamo mumalowa ndalama zimene makampani a ziphaso amasonkha kuchokera pa zomwe apeza, ndipo lamulo limalolanso thandizo lochokera kwina. Tinene mosabisa: ndalamazo ndi zanu, chifukwa kampani imazipeza inu mukakanda khadi la mayunitsi.

MACRA imafufuza madera opanda netiweki, n'kulengeza kuti makampani apikisane pa ntchitoyo. Wopambana amamanga, thumba n'kulipira gawo limene malonda a m'deralo sakanabweza. Thumba lomweli lathandiza kuika makompyuta m'sukulu za sekondale kudzera mu Connect a School, komanso Yathu Yathu Data, pomwe magulu a anthu a m'dera amayendetsa okha intaneti yotsika mtengo.

Koma nsanja payokha siyibweretsa liwiro. Pamafunika chingwe cha faiba choidyetsa. Chingwe chachikulu cha dziko lino chinayalidwa ndi Huawei motsatira mapolo a ESCOM, pa ngongole yochokera ku China. Mu 2017 World Bank inavomerezanso madola 72.4 miliyoni a Digital Malawi, ntchito yomwe inalumikiza maofesi a boma, zipatala ndi sukulu. Ngongole zoterezi zimabwezedwa ndi misonkho ya tonse, kuphatikizapo mlimi wa ku Chitipa amene foni yake ikungolemba kuti palibe netiweki. N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti mlimi ameneyu ali ndi ufulu wonse wofunsa.

Kufunsako kumayambira pafupi. Dandaulo lilembedwe pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, lipite ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, lifike kukhonsolo kuti lilowe m'mapulani a chitukuko cha bomalo. Khansala ndi phungu apatsidwe makope. Kalata ina ipite ku MACRA, yotchula midzi, sukulu, chipatala ndi msika zomwe zilibe netiweki. Ndipo chiyambire 2020, lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga wa m'maofesi a boma likugwira ntchito: mutha kupempha mwa kalata kuti akuuzeni madera omwe asankhidwa, kampani yomwe yapatsidwa ntchito, ndalama zake, ndi tsiku limene nsanjayo iyenera kuyaka.