KIYI WA NDALAMA ZA PA INTANETI

Madzulo ano tikambirana za ndalama zosagwirika ndi manja, zonga Bitcoin imene inayamba m'chaka cha 2009. Ena mwa inu mwamva ana anu akuzitchula, ndipo kapena wina wafika kale pakhomo panu kudzakunyengererani kuti muikemo ndalama za fodya kapena za mtedza. Tsono mverani bwino.

Choyamba mudziwe ichi: chimene amachitcha wallet, ndiye kuti chikwama, mulibe ndalama m'kati mwake. Ndalamazo zimalembedwa m'kaundula wamkulu amene amasungidwa m'makompyuta zikwi zambiri m'maiko osiyanasiyana. M'chikwamamo muli kiyi yekha. Kiyiyo ndi nambala yaitali kopambana, ndipo ntchito yake ikunga ya chidindo cha amfumu. Kalata yopanda chidindo sigwira ntchito, koma mbala ikaba chidindocho idzadinda chilichonse m'dzina lanu.

Nanga kiyiyo amasungidwa bwanji? Chikwama cha m'foni chimamusokoneza kuti asawerengeke, ndipo amamasuka pokhapokha mwini wake alembe nambala yake yachinsinsi. Komabe foni imakhala pa intaneti, kumene mbala zimayendanso. Nchifukwa chake ena amagula kachipangizo kakang'ono, konga Trezor kamene kanatuluka mu 2014, kapena Ledger ka ku France. Kiyi satuluka m'kachipangizoka. Kalata yotumizira ndalama ndiyo imalowa, nkudindidwa m'katimo, nkutuluka. Ka Ledger, munthu akalakwitsa nambala katatu, kamafafaniza zonse zimene zili m'kati.

Mwina mufunsa kuti, kachipangizoko kakatayika, zathera pomwepo kodi? Iyayi. Tsiku loyamba chikwama chimapatsa mwini wake mau 12 kapena 24, osankhidwa pa mndandanda wa mau 2,048. Mau amenewa ndiwo mbeu: kiyi amameranso kuchokera pa iwo m'chipangizo china chatsopano. Alembeni pa pepala ndi dzanja lanu, motsatana monga anaperekedwera, ndi kuwasunga pamene chiswe, moto ndi mvula sizifika. Musawajambule ndi foni, musawatumize pa WhatsApp. Aliyense amene awaona, ndalama zonse ndi zake, ndipo zikachoka palibe ofesi imene ingazibweze.

Kutaya kiyi nkoopsanso. Bambo James Howells a ku Newport, m'dziko la Wales, chipangizo chao chosunga kiyi wa ma Bitcoin pafupifupi 8,000 chinatayidwa kudzala mu 2013. Anapempha kwa zaka zambiri kuti akakumbe, koma mu Januwale 2025 khoti linakana mlandu wao.

Anthu ena sasunga okha kiyi, koma amasiya ndalama zao kwa kampani yogulitsa ndi kugula ndalamazi. Pamenepo mwaika chimanga chanu m'nkhokwe ya mwini. Kampani ya Mt. Gox ya ku Tokyo itagwa mu 2014, inanena kuti ma Bitcoin pafupifupi 850,000 asowa. Makampani otere amaperekanso kiyi wina wotchedwa API key, amene ali ngati kalata yopatsa kapitao. Pa kalatayo mumasankha nokha ngati kapitaoyo aziwerenga matumba chabe, kapena azigulitsa, kapena azitulutsa kunja. Munthu wanzeru salola za kutulutsa, ndipo akakayika amaifafaniza kalatayo msanga ndi kulemba ina.

Kumbukiraninso kuti mu 2019 Reserve Bank of Malawi inachenjeza anthu kuti ndalama zimenezi si ndalama zovomerezeka ndi lamulo la dziko lino. Wolowamo alowa payekha.

Inu mafumu, pa msonkhano wanu wotsatira uzani anthu anu mau awa: munthu wopempha mau 12 aja, ngakhale alankhule mwaulemu chotani, ngakhale anene kuti akuthandizani, ameneyo ndi mbala. Lamulo lomweli ligwiranso pa nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money imene ambiri mumalandirira ndalama za mbeu zanu. Ngati simukumvetsa kanthu, funsani musanapereke ngakhale tambala imodzi, pakuti safunsa anadya phula.