Cocaine, tik ndi liwiro lofikira mu ubongo

Alimi a kumapiri a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia, akhala akutafuna masamba a coca kwa zaka zikwizikwi pofuna kupha njala ndi kutopa, koma sitimva kuti wina wagulitsa munda chifukwa cha masambawo. Chonsecho cocaine amene wapasula mabanja ambirimbiri amachokera m'masamba omwewo, ndipo amene anamupatula ndi wasayansi Albert Niemann mu 1860. Ndiye kusiyana kwagona pati? Kuchuluka kwa mankhwala kuli ndi gawo lake, koma nkhani yaikulu ndi liwiro limene amafikira mu ubongo.

Maselo a ubongo amatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito timadzi tamitundumitundu. Tina mwa timadziti ndi dopamine, amene amauza munthu kuti wachita bwino, achitenso. Akamaliza ntchito yake, selo limene linamutulutsa limamuyamwanso. Cocaine amatseka khomo lobwererali, dopamine n'kuunjikana kunja. Methamphetamine, amene ku Cape Town amati tik, amachita zoposa apa: amalowa m'selo momwemo n'kutembenuza khomo lija kuti lizitulutsa dopamine m'malo momubweza. Sachedwanso kulowa koma amachedwa kutuluka. Theka la cocaine limachoka m'magazi pakatha pafupifupi ola limodzi, pamene la tik limatenga maola 10 kapena kuposerapo, n'chifukwa chake osuta tik amachezera usiku wonse maso ali gwa. Tsono utsi umadutsa m'mapapo n'kufika mu ubongo m'masekondi ochepa, pamene zotafuna ndi zomeza zimayenda pang'onopang'ono kudzera m'mimba. Chisangalalo chobwera mwadzidzidzi chotere ubongo suchiiwala. Podziteteza umayamba kugontha kwa dopamine, ndipo chakudya, macheza ndi mpira zimasiya kukoma. Chotsala ndi chibaba.

Wina angatsutse kuti madokotala amapereka Ritalin kwa ana amene amavutika kukhazikika maganizo, pomwe mankhwalawa amatseka khomo lomwelo limene cocaine amatseka. N'zoona, koma mfundoyi ikungolimbitsa zimene tikunena. Wasayansi Nora Volkow ndi anzake, pojambula ubongo wa anthu, anaona kuti piritsi lomeza limatenga pafupifupi ola kuti lifike pachimake, ndipo kawirikawiri silibweretsa chisangalalo chodzidzimutsa chija. Ena akamaphwanya mapiritsiwo kuti anunkhize kapena kudzibaya nawo, amakhala akufuna liwiro lomwelo.

Izi sizikutanthauza kuti chomeza chilibe ngozi. Mankhwala onsewa amakwezanso noradrenaline, amene amathamangitsa mtima n'kufinya mitsempha ya magazi, moti mnyamata wa zaka 25 akhoza kugwidwa ndi sitiroko kapena mtima kuima. Nanga wosiya amachira? Mu 2001 gulu la Volkow linapeza kuti mwa anthu amene anatha chaka kapena kuposa osagwiritsa ntchito methamphetamine, makomo obwezera dopamine amene anali atachepa anachulukanso, koma pa mayeso a kukumbukira zinthu anthuwo sanasinthe kwenikweni.