Turbo ya galimoto

Turbocharger, imene amakaniko ndi madalaivala ambiri amangoitchula kuti turbo, ndi chipangizo chomwe chimakankhira mpweya wochuluka mu injini ya galimoto pogwiritsa ntchito mphamvu ya utsi wotuluka mu injini yomweyo. Mpweya ukachuluka, injini imatha kuwotcha mafuta ambiri nthawi imodzi, ndipo injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Ku Malawi turbo imapezeka kwambiri m'magalimoto a dizilo monga malole, mabasi ndi mapikapu, koma palinso anthu omwe amaiika kapena kuikulitsa pa tigalimoto tating'ono taliwiro. Kusintha kotere kumawonjezeradi mphamvu, koma kumawonjezeranso kutentha ndi kupanikizika mkati mwa injini, ndipo injini zambiri zosinthidwa zimafera pamenepa.

Mmene imagwirira ntchito

Turbo ili ndi timawilo tiwiri tamapiko tolumikizidwa ndi kamtengo kamodzi kachitsulo. Kawilo koyamba, kotchedwa turbine, kamakhala panjira ya utsi, ndipo utsi ukamatuluka umakazunguza. Kawilo kachiwiri, kotchedwa compressor, kamazungulira limodzi ndi kanzake, kamakoka mpweya wakunja ndi kuupanikizira m'masilinda. Turbo zing'onozing'ono zimatha kuzungulira maulendo oposa 150,000 pa mphindi imodzi, ndipo utsi wa injini ya petulo umatentha mpaka madigiri 900 kapena kuposerapo. Chomwe chimateteza kamtengo kaja kuti kasakhulane ndi chitsulo chinzake ndi oyilo wa injini basi.

Mpweya wowonjezerawu umatchedwa boost, ndipo umayezedwa mu bar. Mpweya womwe timapuma m'mphepete mwa nyanja yamchere uli pafupifupi pa bar imodzi. Choncho turbo yopereka 0.5 bar imawonjezera mpweya wolowa mu injini ndi pafupifupi theka, ngakhale phindu lenileni limacheperapo chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha ndi kupepuka. N'chifukwa chake magalimoto ambiri a turbo amakhala ndi intercooler, chipangizo chooneka ngati radiyeta chomwe chimaziziritsa mpweyawo usanalowe mu injini. Palinso kachitseko kotchedwa wastegate, komwe kamatseguka boost ikafika pa mlingo wake n'kupatutsa utsi wina kuti usadutse pa turbine.

Turbo siyamba kukankha nthawi yomweyo dalaivala akaponda moto, chifukwa imadikira kuti utsi uchuluke kaye. Kuchedwa kumeneku kumatchedwa turbo lag, ndipo kumakula turbo ikakhala yaikulu.

Mbiri

Alfred Büchi, injiniya wa ku Switzerland, ndiye analembetsa luso limeneli mu 1905. Poyamba linkagwiritsidwa ntchito pa injini zikuluzikulu za sitima zapamadzi, sitima zapamtunda ndi ndege. Magalimoto wamba oyamba kugulitsidwa ali ndi turbo anali Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair Monza Spyder, ku America mu 1962. Ku Ulaya kunabwera BMW 2002 Turbo mu 1973, kenako Porsche 911 Turbo ndi Saab 99 Turbo m'zaka zomwezo za m'ma 1970.

Tigalimoto tating'ono taliwiro

Magalimoto ambiri a ku Malawi ndi a kaunjika ochokera ku Japan, choncho nkhani ya turbo pa tigalimoto tating'ono imayambira kumeneko. Ku Japan kuli gulu la tigalimoto lotchedwa kei, lomwe injini zake siziloledwa kupitirira 660 cc. Pofuna kufinya mphamvu mu injini yaing'ono chotere, makampani amaikamo turbo. Zitsanzo ndi Suzuki Cappuccino ya mu 1991, Daihatsu Copen ya mu 2002 ndi Honda S660 ya mu 2015, zonse za mipando iwiri komanso za horsepower 64. Toyota Starlet GT Turbo ndi Glanza V, za m'ma 1990, zinkatulutsa pafupifupi horsepower 135 mu injini ya malita 1.3 okha.

Tigalimoto tina timatuluka kufakitale topanda turbo, ndipo eni ake ndiwo amaiika pambuyo pake. Kotchuka kwambiri pa ntchito imeneyi ndi Mazda MX-5, komwe kanayamba kupangidwa mu 1989 ndipo kamalemera pafupifupi tani imodzi. Mu 2004 kampani ya Mazda inatulutsa mtundu wa turbo wotchedwa Mazdaspeed MX-5, wa horsepower 178 pamene wamba unali ndi 142. Kampaniyo sinangomangirira turbo yokha, inasinthanso kilachi, masipuling'i, matayala ndi zina kuti zipirire mphamvu yatsopanoyo.

Zomwe zimasinthidwa

Njira yotchipa kwambiri pa galimoto yomwe ili kale ndi turbo ndi kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, yotchedwa ECU, kuti ilole boost yambiri. Ena amaika paipi ya ekizozi yotakasuka ndi intercooler yaikulu. Otsiriza ndi omwe amachotsa turbo yakufakitale n'kuika yaikulu, kapena kuika turbo pa injini yomwe inalibe.

Pa njira zonsezi lamulo ndi limodzi: mpweya ukawonjezeka, mafuta awonjezekenso. Injini ya petulo imafuna pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, ndipo ikakhala pa boost imafuna petulo wochulukirapo kuti asathandize kuwotcha kokha komanso kuziziritsa. Ngati pampu ya mafuta ndi ma injector sizikukwanitsa, moto wa m'silinda umatentha mopitirira ndipo pistoni imatha kusungunuka. Vuto lina ndi loti petulo amaphulika yekha nthawi yake isanakwane, injini n'kumamveka kugogoda. Kugogoda kumeneku kumaswa ma ring ndi gasiketi, mapeto ake injini imanoka. Injini zopangidwira turbo kawirikawiri zimakhala ndi mapistoni olimba komanso sizipanikiza kwambiri mpweya m'silinda, pamene injini wamba ilibe chitetezo chimenechi.

Mphamvu ikakwera, kilachi yakale imayamba kuterereka, radiyeta imalephera kuziziritsa madzi, ndipo mabuleki ndi matayala omwe anapangidwira liwiro lochepa amayamba kuperewera. Nthawi zambiri ndalama zogulira zinthu zimenezi zimaposa mtengo wa turbo.

Turbo ku Phalombe ndi madera ofanana nako

Boma la Phalombe lili m'chigawo cha kummwera, pakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, yomwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 600 kuchokera pa nyanja yamchere. Malo akakhala okwera mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse. Ku chigwa cha Phalombe imataya pafupifupi 6 kapena 7 peresenti, ku Blantyre pafupifupi 10, pamene ku Johannesburg, pamtunda wa mamita oposa 1,700, imataya pafupifupi 17. Turbo imabwezeretsa gawo lalikulu la mphamvu yotayikayi, ndipo ili ndi phindu lenileni kwa lole yonyamula nandolo kapena chimanga pa zitunda.

Komabe pali zinthu zitatu zomwe zimafupikitsa moyo wa turbo m'madera otere. Choyamba ndi fumbi. Kupatula misewu ikuluikulu ya phula monga wa Zomba–Jali–Phalombe–Chitakale, misewu yambiri yolowera m'midzi ndi yadothi. Sefa ya mpweya yotsegula, yomwe okonda liwiro amaika m'malo mwa yakufakitale, imatha kulowetsa timchenga tomwe timadya mapiko a compressor. Chachiwiri ndi mafuta. Petulo wa m'mafiling'i a ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo amapangidwanso ku Chikwawa, ndipo ethanol amathandiza kuti petulo asaphulike msanga. Koma mafuta akasowa, ambiri amagula a m'zigubu omwe sadziwika ngati ndi abwino, ndipo petulo wosakanizidwa ndi parafini amagogodetsa injini ya boost mwansanga. Chachitatu ndi oyilo: wakale kapena wachinyengo amapsa mkati mwa turbo n'kutseka timipata tomwe amadutsamo.

N'chifukwa chake mabungwe ambiri ogwira ntchito kumidzi mu Africa akhala akukonda Toyota Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya dizilo ya malita 4.2 yopanda turbo. Ndi yofooka poyerekeza ndi kukula kwake, koma imapirira ndipo makaniko wa pa galaja wamba amatha kuikonza. Kagalimoto kaliwiro kali ndi vuto linanso: mimba yake imatalikira pansi masentimita osakwana 15, ndipo intercooler nthawi zambiri imamangidwa kutsogolo chammunsi, pomwe mwala kapena bampu zimayambira kugunda.

Chitetezo ndi malamulo

Galimoto iliyonse ku Malawi imayenera kukhala ndi inshuwalansi komanso chiphaso cha COF, chomwe chili m'manja mwa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Mwini galimoto akasintha injini ayenera kudziwitsa nthambiyi ndi kampani ya inshuwalansi, chifukwa kubisa kukhoza kulepheretsa chipukutamisozi pakachitika ngozi. Pa malo amalonda monga Migowi ndi Chiringa, msewu umodzi womwewo umadzaza oyenda pansi, njinga zakapalasa ndi njinga zamoto za kabaza. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe mabuleki amafuna kuti galimoto iime umawirikiza kanayi.

Kasamalidwe

Injini ya turbo imafuna oyilo wa mtundu womwe kampani inalamula, wosinthidwa pa nthawi yake pamodzi ndi sefa yake. Mmawa sibwino kuponda moto kwambiri oyilo asanatenthe, ndipo pambuyo pa ulendo wautali kapena chitunda chachikulu injini isiyidwe ikulira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanazimitsidwe. Zizindikiro zoti turbo yayamba kutha ndi utsi wabuluu, oyilo wopunguka msanga, kulira ngati likhweru losweka, ndi galimoto yolephera kukwera chitunda chomwe kale inkakwera mosavuta.