Chida n'chabwino, koma mwachifotokoza bwanji kwa AI agent?

Lero ndili ndekha. Nkhani yake ndi ya ife olemba mapulogalamu a kompyuta, komanso inu amene mwangoyamba kuphunzira ntchitoyi. Musathawe, tipita pang'onopang'ono.

Mwezi watha ndinachita manyazi kuntchito. Tinapanga AI agent yoti izithandiza anzathu atsopano kupeza mayankho mu documentation ya Django. Mnyamata wina amene wangolembedwa kumene anaifunsa mmene angalumikizire adiresi ya tsamba ndi code yake. Agent inampatsa chitsanzo chogwiritsa ntchito url(). Tsoka lake, url() inachotsedwa mu Django 4.0 chakumapeto kwa 2021, ndipo path() yomwe anthu amagwiritsa ntchito pano inabwera kale mu 2.0, chaka cha 2017. Ife tili pa Django 5. Mwana wa eni analimbana nazo mpaka masana, akuopa kufunsa chifukwa akadali pa nthawi yoyesedwa. Ena a inu mukudziwa mantha amenewo, makamaka visa yako ikakhala m'manja mwa abwana.

Nditafufuza ndinapeza kuti wolakwa si agent. Ndinali ine.

Agent ndi model ya chilankhulo, ngati zomwe mumacheza nazo pa foni zija, koma yopatsidwa zida: china chofufuzira, china chotsegulira tsamba. Njira imeneyi inafala OpenAI itatulutsa function calling mu June 2023, kenako Anthropic inabweretsa Model Context Protocol mu November 2024. Tsono chomwe ambiri timaiwala n'chakuti model siona code ya chidacho ayi. Imaona dzina la chida, mawu ochifotokoza, ndi mndandanda wa zomwe chidacho chimalandira, wolembedwa mu JSON Schema. Basi. Ine pa chida chofufuzira ndinalemba mawu atatu okha, "Search the docs". Malo oika version analipo, koma sindinanene kuti ndi a chiyani, ndiponso sindinanene kuti akasiyidwa, chidacho chimasakaniza masamba a version zonse, zakale ndi zatsopano.

Zili ngati kutuma mwana kugolosale n'kumuuza kuti "kagule mafuta". Akabwera ndi odzola pomwe inu mumafuna ophikira, mukalipira ndani? Mwanayo mwina akhoza kubwerera pakhomo kudzafunsa. Agent nthawi zambiri imangoganizira n'kupitiriza, ndipo paja safunsa anadya phula.

Ndinakonza mawu aja, ndinawawerenga, ndinaona kuti akumveka. Apa m'pamene pali msampha. Akumveka kwa ine chifukwa chidacho ndinapanga ndine. Mafotokozedwe a chida sungawayese powawerenga. Umawayesa poona zomwe agent ikuchita ikawawerenga.

Ndiye ndinasonkhanitsa mafunso 40 enieni amene anzanga anafunsapo, osati opeka ine, chifukwa funso lopeka limatuluka laukhondo kwambiri. Anthu amafunsa mokhotakhota, eti? Pa funso lililonse ndinalemba tsamba loyenera kupezeka ndi yankho lolondola, ndipo pomwe yankho lili code, ndinakonza zoti code-yo iziyendetsedwadi tione ngati ikugwira. Ndinaikamonso mafunso osafuna chida chilichonse, ndi ena omwe yankho lake mulibe mu documentation. Amenewa ndimawakonda kwambiri. Agent yabwino imanena kuti sinapeze. Yoipa imapeka yankho n'kuliyankhula molimba mtima ngati mlaliki wa m'minibasi.

Funso lililonse ndimaliyendetsa kasanu, popeza model siyankha chimodzimodzi nthawi zonse. Ikakhoza kamodzi, mwina unali mwayi chabe.

Zomwe ndimayang'ana ndi izi. Yasankha chida choyenera? Yaika version? Yaitana zida kangati isanafike pa yankho? Chomalizachi n'cha ndalama, chifukwa tsamba lililonse limene yatsegula limadya ma token, ndipo ma token amalipiridwa. Nawonso mawu ofotokoza chida amatumizidwa pa pempho lililonse, choncho kulemba chinkhani chachitali si nzeru.

Koma manambala okha sanandiuze zambiri. Ndinakhala pansi ndi kapu ya tiyi n'kuwerenga ulendo wonse wa agent, funso ndi funso. Mmenemo ndi momwe ndinaona zinthu ziwiri zomwe sindikanaziganiza. Choyamba, inkafufuza kanayi kapena kasanu motsatizana osatsegula tsamba ngakhale limodzi, n'kumayankha kuchokera pa tizidutswa tomwe chida chofufuzira chimabweza. Palibe pomwe ndinaiuza kuti timeneti n'tizidutswa chabe, ndipo tsamba lathunthu lili ndi chida chinacho. Chiganizo chimodzi chinathetsa vutoli. Chachiwiri, ikalemba version molakwika, chida chinkangobweza mawu akuti zalephereka. Agent inkangosiya version n'kufufuza popanda. Ndinasintha uthengawo kuti uzinena kalembedwe koyenera, monga 5.0, ndi version zomwe zilipo. Kunena zoona, uthenga wa cholakwika nawonso ndi mafotokozedwe a chida, kungoti umafika mochedwa.

Posintha, sinthani chinthu chimodzi n'kuyesanso. Ine poyamba ndinasintha dzina, mawu ndi uthenga nthawi imodzi. Zinayenda bwino, koma sindinadziwe chomwe chathandiza, moti ndinabwerera m'mbuyo kukayambiranso.

China, pa mafunso 40 aja ndinabisa 10 osawakhudza pokonza. Amene munalemba MSCE mukukumbukira anzathu oloweza mayankho a mapepala a zaka zam'mbuyo, funso likangotembenuzidwa pang'ono basi thukuta kamukamu. Mafotokozedwe nawonso amatha kuloweza. Ukamawakonza poyang'ana mafunso omwewo, amakhoza amenewo okha. Pa 10 obisika aja agent inalakwa awiri, onse okhudza kusamuka kuchoka pa version ina kupita pa ina, pomwe imafunika kufufuza mbali ziwiri. Amenewo ndikulimbana nawobe, ndipo tsiku lomwe tidzasinthe model ndidzayendetsanso onse 40, chifukwa mawu omwe model iyi yamva, ina ikhoza kuwamva mwina.

Mnyamata uja ndinakamupepesa, ndipo pano ndi amene amanditumizira mafunso atsopano agent ikamunamiza. Sabata ino wabweretsa atatu. Inunso ngati muli ndi chida chomwe agent yanu ikuchikana kapena kuchigwiritsa ntchito mokhota, titumizireni mawu omwe munalemba pochifotokoza, tidzawerenge limodzi m'gawo likubwerali.