Fodya Amene Anagwaditsa Mfumu ya ku Iran

Funso: Kodi mkangano wa fodya wa ku Iran, dziko limene kale linkatchedwa Persia, unabuka bwanji?

Yankho: M'chaka cha 1890, mfumu Naser al-Din Shah, wa banja lachifumu la Qajar, amene chuma chake chinali chitaphwa chifukwa cha maulendo a ku Ulaya ndi moyo wamataya wa kunyumba yachifumu, anapatsa Mngelezi wina, Major Talbot, mphamvu yakuti iye yekha ndiye azigula, kugulitsa ndi kutumiza kunja fodya yense wa m'dzikomo kwa zaka 50, ndipo malipiro a mfumuyo anali mapaundi 15,000 pachaka pamodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu. Taganizani mlimi amene wafesa, wawokera, wathyola ndi kuyanika, kenaka auzidwa kuti thukuta lake lili ndi wogula mmodzi yekha, mlendo, amenenso adzatchula mtengo!

Funso: Nanga anthu wamba, opanda mfuti, akanachitanji?

Yankho: Madandaulo anayambira kwa amalonda a ku Shiraz, nafalikira ku Tabriz, Isfahan ndi Tehran, koma chimene chinathyola msana wa panganolo chinachokera kutali, ku Samarra, kumene kunkakhala mtsogoleri wamkulu wa Asilamu a Shia, Mirza Hasan Shirazi, pakuti mu Disembala 1891 linamveka lamulo m'dzina lake lonena kuti kusuta fodya kunali kofanana ndi kuthira nkhondo Imamu Wobisika, amene a Shia amayembekezera kubwera kwake. Mauwo anathamanga pa mawaya a telegalafu, ndipo m'masiku owerengeka makaliwo anazima m'misika ndi m'nyumba zomwera tiyi, kufikira akazi a mfumu omwe anakana kusuta. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo: kumayambiriro kwa 1892 mfumu inafafaniza panganolo.

Funso: Ndiye kuti anthu anapambana kotheratu?

Yankho: Iyayi, ndipo apa mpomvetsa chisoni, popeza kampani ya Talbot inayenera kupatsidwa chipukutamisozi cha mapaundi 500,000, ndalama zimene boma linakakongola ku banki ya Angelezi omwewo, Imperial Bank of Persia, kotero kuti osauka amene anadzimana fodya ndiwo anasenzanso ngongoleyo m'misonkho.

Funso: Nchifukwa ninji nkhaniyi ikumbukiridwabe?

Yankho: Chifukwa m'menemo ndimo amalonda a kumsika, ophunzira ndi atsogoleri achipembedzo anazindikira koyamba kuti akamanga chimodzi, mfumu imagwada. Mgwirizano womwewo ndiwo unabala Nyumba ya Malamulo, Majlis, mu 1906, ndipo unadzukanso mu 1979 pogwetsa Mohammad Reza Shah. Koma ulendo umenewo atsogoleri achipembedzo sanabwerere kumizikiti monga anachitira pa nthawi ya fodya, pakuti Ayatollah Khomeini anatenga yekha mphamvu zimene mfumu inazisiya, ndipo ambiri mwa ophunzira amene anaguba naye limodzi anakathera m'ndende kapena kuthawira kumaiko akunja.